Wofufuta Mphini wa mu Chawama

Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, ndiye Mwanajuma anaika makala mu ayironi yachitsulo n'kukhala pakhonde kusita nsalu yoyera ya ukwati wa mwana wake. Dzuwa linkalowa cha ku msewu wa Kafue, fumbi lili kobo, makondakitala akukuwa "Tauni! Tauni!" ngati kuti munthu angaiwale komwe akupita. Mwanajuma anali mayi wamasiye. Makolo ake anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo mu komboni ya Chawama ankadziwika ndi ntchito imodzi imene ena amaithawa: akamwalira mkazi wa Chisilamu, ndiye ankasambitsa maliro. Mwana anali naye mmodzi yekha, Hafswa, ndipo ukwati wake ndi Ishaq unali pafupi.

Akusita choncho, panabwera fungo. Linali fungo la tsitsi lopserera, losakanikirana ndi la nyama yowaula. Mwanajuma anatukula ayironi msanga poganiza kuti watentha nsalu, koma nsalu inali bwinobwino.

"Hafswa, wasiya chiyani pa mbaula?"

"Kulibe, amama. Mbaula nazimya kudala."

Asanafunsenso, kuseri kwa mpanda kunamveka mfuu. Anali atsikana a pa saluni ya Towela. Towela, mtsikana wanthabwala amene sankadwala ndi chimfine chomwe, anali akuluka mutu wa kasitomala, kenaka anangoti khu! pansi, chipeso chili m'manja. Anthu atam'tembenuza anaona kautsi kakutuluka m'kamwa mwake pang'onopang'ono. Amati tsoka silinunkha, koma ndikuuzani, ili linkanunkha mpaka pamsika.

Abale anathamangira naye kuchipatala, n'kubwerako ndi mawu akuti mtima unaima. Thupi linagona ku mochale, linabwera m'bokosi lotseka, anthu anaimba, anaika. Misozi isanaume, Shawn, kondakitala wa basi, anagwa pakhomo la basi ndalama za anthu zili m'zala, kautsi komweko kakutuluka m'mphuno. Kenaka mayi wina wogulitsa tomato, kenaka mnyamata wa kwaya. Onse anali anthu athanzi, onse ankagwa akugwira ntchito zawo, ndipo fungo linali lomwelo.

Chawama inayamba kunong'ona. Ena ankati ndi mfiti yowotcha anthu m'kati akali moyo kuti ikadzawafukula nyama ikhale itapsa kale. Ena ankati amva kulira kwa chinthu ngati njuchi zambiri cha kumsika dzuwa likamalowa. Amayi anasiya kuwaula nkhuku, chifukwa fungo likangotuluka, oyandikana nawo ankabwera ndi miyala. Munthu akatsokomola mu basi, anzake ankamuyang'ana pakamwa kuti aone ngati mukutuluka utsi.

Ndiye wina, sindidziwa kuti anali ndani ndipo Mulungu amuone, anatchula ba Kasoma. Ba Kasoma anali mkulu wowotcherera zitsulo, wopanga mageti ndi mbaula, munthu wosalankhulalankhula, wa maso ofiira ndi ntchito yake. Anali ndi kajenereta, choncho malaiti akapita, pa shedi yake pokha ndi pamene pankathwanima moto wabuluu. Basitu, umboni unakwana pamenepo. Kunda, mnyamata wamatama wonyamula katundu ku mafakitale, ndiye anatsogolera gulu.

"Ni uyu! Moto wake siuzima!"

"Bana banga, ni jenereta chabe," anatero ba Kasoma, manja ali m'mwamba. "Bwelani muone."

"Tizaona ku manda!"

Njerwa yoyamba inawaphwanya pakamwa. Anawakoka miyendo kuwatulutsa mu shedi, mutu ukugunda pamiyala, n'kuwamenya ndi zitsulo zomwe iwo anadula ndi manja awo. Mwanajuma anafika akuthamanga, akukuwa kuti munthuyo alibe mlandu, koma mawu a mayi mmodzi angamveke bwanji pakati pa anthu olusa? Anthuwo anawaveka tayala, anathira petulo, anayatsa. Ba Kasoma anaitana dzina la mkazi wawo mpaka mawu anatha. Ana ankaonerera atakwera pamipanda, ndipo ena ankajambula pa foni. Zinali zonyansa, ndipo aliyense amene anaponya mwala tsiku limenelo akudziwa yekha.

Anthu anapuma, amvekere mfiti yapita. Kunda ankayenda chifuwa chili patsogolo, akugulidwa mowa paliponse.

Koma pafupi ndi msika panali kontena yopakidwa penti yoyera, ya masola padenga, imene palibe anaiganizirapo. Mwini wake anali ba Dumi, bambo waulemu, wofatsa mawu, wovala malaya a manja aatali omanga mpaka pakhosi ngakhale kutenthe bwanji, ndi magolovesi oyera. Anali ndi mashini a leza, kuwala kodula popanda mpeni, ndipo ntchito yake inali yofufuta mphini ndi zipsera pakhungu. Sankalipiritsa, ankati akuthandiza achinyamata. Ndiye inu mukudziwa mmene ana a m'tauni amachitira manyazi ndi mphini zomwe makolo anawatemera ali makanda. Kutchalitchi ankauzidwa kuti ndi pangano la ziwanda, kumzikiti ankauzidwa kuti ndi zachikunja, pa foni anzawo ankawaseka kuti ndi achimidzi. Ankalowa mu kontena muja, ankagonekedwa tulo, ankadzuka khungu lili see, n'kumapita kwawo akusekerera.

Hafswa anali nazo mphini zake m'mbali mwa maso, zitatu zoimirira ndi imodzi yopingasa. Ali khanda anagwidwa ndi matenda okomoka, maso kutembenuzika, thovu kukamwa, ndipo Mwanajuma anamubereka yekha kupita naye kwa sing'anga wa kwawo amene anamutemera. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo sanakomokenso. Kwa mayi ake mphinizo zinali moyo wa mwana, koma kwa Hafswa zinali chilema.

"Amama, nifuna nikachoseko ivi vinthu ukwati usanafike. Pa mapikicha vioneka monga ninagwa pa waya."

"Usayerekeze. Zimenezo ndi zimene zinakusunga."

"Imwe naimwe, vakudala ivo! Banzanga bonse banachosa. Na Towela anachosa."

"Towela ali kuti lero?"

"Ah, amama! Towela banamudya ba Kasoma, nonse muziba."

Mwanajuma mwiniwake sankadziwa chifukwa chake anafunsa funso limenelo, linangotuluka. Anabwerera ku nsalu yake n'kupitiriza kusoka mpendero.

Phulusa la ba Kasoma lisanauluke pamsewu paja, Abiti Jumanne, mnzake wa Mwanajuma, anagwa pa mpopi, chidebe chili pamutu, kautsi kakutuluka m'kamwa. Chawama inazizira. Ngati mfiti inapsa, nanga uyu wamupha ndani? Koma imfa iyi inasiyana ndi zina zija pa chinthu chimodzi. Abiti Jumanne anali Msilamu woyamba kugwa, ndipo Asilamu sagoneka maliro ku mochale. Amasambitsa okha ndi manja awo, n'kuika tsiku lomwelo.

Anaitana Mwanajuma. Analowa m'chipinda ndi amayi awiri omuthandiza, anatseka chitseko, anafunditsa thupi nsalu, madzi ofunda ali m'mabeseni. Potukula mutu wa malemuyo, Mwanajuma anaima. Iye ndi Abiti Jumanne anakulira limodzi, ndipo ankadziwa kuti mnzakeyo anali ndi mphini pachipumi ndi pachifuwa. Tsopano panalibe ngakhale imodzi, khungu linali losalala ngati la mwana.

"Mphini zake zapita kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Banachosa kwa ba Dumi," anayankha mpongozi wa malemuyo. "Benze bafuna kuyenda ku Maka bali boyera."

Mwanajuma anapitiriza ntchito yake. Mwambo wa kusambitsa umati usanathire madzi, umakhazika thupi pang'ono n'kusisita pamimba mofatsa, kuti zotsalira zituluke munthu apite kwa Mulungu ali woyera. Dzanja lake linachita zimenezi kwa akazi ambirimbiri, ndipo linkadziwa mmene mimba ya munthu imakankhira. Anaika chikhatho pansi pa nthiti n'kusindikiza. Dzanja linangolowa, fwo! mpaka kukagunda msana.

Pamenepo mzere woonda ngati tsitsi, umene diso silikanauona, unatseguka kuchokera pansi pa bere mpaka m'chiuno. Magazi sanatuluke ngakhale dontho. M'mphepete mwa bala munali mouma, mowauka bwinobwino, ndipo m'kati munalibe chiwindi, munalibe impso, munali mphako yakuda yonunkha utsi. Mmodzi wa amayi aja anakomoka, winayo anasanza m'beseni.

"Inna lillahi," ananong'ona Mwanajuma. "Mayi uyu wakhala akuyenda, akutunga madzi, ali chibowo chokhachokha."

Kenaka anakumbukira mwana wake. Anatsegula chitseko manja ali chinyowere, n'kuyang'ana pakati pa amayi okhala pamphasa.

"Hafswa ali kuti? Ndati Hafswa ali kuti?"

"Sanabwele kuno," anatero mayi wina. "Namuona kuseni ayenda ku maketi. Anakamba ati afuna akukondweletseni na nkhope yanyowani."

Kalanga ine! Mwanajuma anathamanga wopanda nsapato, mpango utagwa, akudumpha ngalande, akugunda mabenchi a tomato. Ankakuwa njira yonse kuti, "Ndi Dumi! Mfiti ndi Dumi! Akutumbula ana athu!" Amayi a pamaliro anamutsatira, kenaka amuna a kumzikiti, kenaka msika wonse. Kunda anatola chikwanje pa benchi ya wogulitsa nzimbe n'kuthamanga patsogolo pa gululo, nkhope itatuwa, chifukwa anayamba kuzindikira chimene anachita kwa ba Kasoma.

Mwanajuma ndiye anayamba kufika. Anakankha chitseko cha kontena ndi phewa. M'kati munali mozizira ngati mu filiji, mukulira phokoso lija la njuchi, ndipo fungo linali loti munthu sangapume. Hafswa anali atagona chagada pa bedi lachitsulo, maso otseka, chitenje chili chimangire bwinobwino. Pamwamba pake panalendewera mkono wa mashini, wopindikapindika, ukuyenda wokha, ndipo kunsonga kwake kunkatuluka kaulusi ka kuwala kofiira kakuyenda pambali pa diso la mtsikanayo. Pansi pa bedi panali bokosi labuluu losungiramo ayezi, lotseka.

Ba Dumi anatembenuka mosatekeseka.

"Amama, yembekezani panja. Tasala pang'ono kusiliza."

Mwanajuma anaona ndi maso ake. Kuwala kuja kukadutsa pa mphini ya Hafswa, kautsi kankakwera, mphiniyo n'kuzimirira, ndipo nthawi yomweyo inkatuluka pambali pa diso la Dumi, yakuda, yatsopano. Zitatu zoimirira zinali zitasamuka kale. Yopingasa ija inkatha iye akuyang'ana.

Anadziponya pa mwana wake kuti amukoke. Dumi anangogwedeza chala, mkono wa mashini n'kutembenuka, kuwala n'kudutsa pa dzanja lamanzere la Mwanajuma. Zala ziwiri zinagwa pansi, tapu, tapu. Sanamve kuwawa, sanaone magazi, anangoona zala zake zili pa simenti zikufuka utsi. Ndi dzanja lotsalalo anakoka Hafswa mpaka onse awiri anagwera kuseri kwa bedi.

Apo n'kuti Kunda akulowa, chikwanje chili m'mwamba.

"Iwe satana! Unanipangisa nipaye mudala wa bene!"

Kuwala kunamudutsa m'chiuno kamodzi kokha, ngati waya wodulira sopo. Kunda anaponda phazi lina kutsogolo, kenaka chifuwa chake chinatsetsereka n'kugwera kumanzere, miyendo n'kugwera kumanja. Pakamwa pankayendabe. Amene anali pambuyo pake anabwerera akukuwa, akupondana pakhomo, koma kuwala kunawatsatira, kukudula chitseko, kukudula khoma la kontena, kukudula mkono wa bambo wina amene anangobwera kudzaonerera. Zidutswa za malata zinkagwa zili zofiira.

Anyamata ena anakwera padenga n'kuyamba kuphwanya masola ndi njerwa, ena akuzula mawaya. Phokoso la njuchi linatsika, linatsikanso, kenaka zii. Mkono wa mashini unagwa ngati khosi la nkhuku yophedwa. Anthu analowa ngati madzi osefukira, anamugwira Dumi, anamukokera pabwalo la msika, n'kumung'ambira malaya aja ndi magolovesi omwe.

Gulu lonse linabwerera m'mbuyo. Thupi la munthuyo linalibe malo. Kuyambira m'khosi mpaka m'zala munali mphini zokhazokha, zazing'ono, zazikulu, za Achewa, za Ayao, za Abemba, za Ansenga, zothithikana ngati mamba a nsomba. Mayi wake wa Towela analoza pachifuwa pake n'kulira kuti, "Izo ni za mwana wanga!" Chitetezo chonse chimene makolo anatemera ana awo, chimene anawo anachita nacho manyazi, chinali pa munthu mmodzi.

Wina anamutema ndi chikwanje paphewa. Chikwanje chinalira ngwee! n'kupindika. Anamuponya njerwa, njerwa zinkafumbutuka. Anamubaya ndi chitsulo chosongoka, chitsulo chinaterereka. Anamuveka tayala, anathira petulo, anayatsa monga anachitira ndi ba Kasoma, moto unakwera mpaka kupitirira denga la kontena. Dumi anaima m'kati mwa motowo akuwayang'ana mmodzimmodzi. Tayala litapsa n'kugwa lokha, anadzisansa phulusa, analowanso mu kontena, n'kutuluka atanyamula bokosi labuluu lija.

Palibe anamugwiranso. Anthu anapatuka okha kumupatsa njira. Atafika pamene Mwanajuma anakhala pansi atafungatira mwana wake, anaima, n'kugwira pambali pa diso lake.

"Zikomo, amama. Izi zamene munamutemera ni zamphamvu maningi."

Anayenda osathamanga kulowera ku msewu wa Kafue, ali chibadwire, bokosi lili m'manja, mpaka fumbi linamubisa. Ena amati anamuona ku komboni ya Kanyama atavala malaya ena, ena amati ku Chainda kwatsegulidwa kontena yoyera. Ine sindidziwa, ndipo sindifuna kukaona.

Hafswa anatsitsimuka ali kunyumba, dzuwa likupendeka. Anayasamula ngati wadzuka ku tulo tabwino, anapempha madzi, anamwa. Ataona dzanja la mayi ake lomangidwa nsanza analira, koma Mwanajuma anamuuza kuti si kanthu, zala ndi zala. Oyandikana nawo ankalowa n'kumathokoza Mulungu kuti mayi anafika pa nthawi yake. Ishaq anabwera, anaona mkazi wake wam'tsogolo akuseka, anapita kumzikiti kukathokoza. Kenaka mtsikanayo anatenga foni n'kudziyang'ana, ndipo ngakhale anayesa kubisa, nkhope yake inawala.

"Amama, musakalipe. Koma onani chabe, sinaoneke bwino?"

"Waoneka bwino, mwanangu."

Anthu atapita, Mwanajuma anatereka madzi pa mbaula. Anati akufuna amusambitse yekha kuti fungo la mu kontena lichoke. Hafswa anaseka kuti iye si khanda, komabe analola. Anakhala pa kampando m'bafa, mayi ake akumuthira madzi ofunda kumsana, iye akulongolola za ukwati, za nsapato zimene sanagule, za alongo ake a Ishaq amene amadzimva. Mwanajuma anayang'ana pamimba pa mwana wake. Panalibe bala, panalibe mzere, panalibe chilichonse. Akanatha kusiya pomwepo, ndipo anafunitsitsa kusiya. Koma ankakumbukira bokosi labuluu lija, kuti linali lotseka kale pamene iye ankalowa.

Anaika chikhatho pansi pa nthiti za Hafswa. Anatchula dzina la Mulungu. Anasindikiza pang'ono pokha, mofatsa kuposa mmene anachitira kwa munthu wina aliyense.

Dzanja linayamba kulowa.

Analichotsa msanga mzere usanatseguke. Hafswa anadzipinda akuseka.

"Amama, munitekenya! Nichani?"

"Palibe, mwanangu. Vala, kwayamba kuzizira."

Anamupukuta, anamudzoza mafuta, anamupesa tsitsi monga ankachitira ali wamng'ono. Anamuphikira tiyi wa mkaka ndi vitumbuwa, n'kukhala pafupi kumuyang'ana akudya, osaphethira. Hafswa atalowa kuchipinda kukayimbira foni Ishaq, Mwanajuma anatenga nsalu yoyera ija n'kutuluka nayo pakhonde. Mpendero unali utatsala pang'ono kutha, ulusi wake wowongoka bwino, ntchito ya masabata ambiri. Koma sanda, nsalu yokulungira maliro a Msilamu, sisokedwa.

M'nyumba Hafswa ankaseka pa foni, akuuza Ishaq kuti adzadabwa pa tsiku la ukwati. Pakhonde mayi ake anagwira nsalu ndi zala zitatu zotsala, analuma ulusi ndi mano, n'kuyamba kuusolola.